AirForce Texan .457: mfuti ya mpweya imene ndasakira mbawala nyengo ziwiri ku Texas

Ambiri a ife tikamva za mfuti ya mpweya timakumbuka kamfuti kothyola pakati kamene ana a anthu opeza bwino ankasowetsera mtendere njiwa m'mitengo ya mango, kamene chipolopolo chake sichinkaposa njere ya mapira. Mfuti imene ndikuifotokoza pano nayonso imalira ndi mpweya, koma chibale chake ndi kamfuti kaja chimathera pomwepo. AirForce Texan ya .457 imaponya chipolopolo cha mtovu chonenepa mamilimita 11.6, cholemera magalamu oposa 20, ndipo ikalira munthu woima pambali amagwira m'makutu. Ndakhala nayo nyengo ziwiri za ulenje kuno ku Texas, ndipo ndaiombera mbawala zitatu. Ziwiri zinalowa mufiriji, yachitatu ndinaiphonya mochititsa manyazi, ndipo kuphonya kumeneko kunandiphunzitsa za mfutiyi kuposa zonse zimene zinalembedwa pa katoni yake.

Mbawala zimene ndikunenazi si zathu zija za m'mphepete mwa Shire. Eni dziko amazitcha whitetail chifukwa cha kunsi kwa mchira wake koyera mbee, kumene imakuimika ikamathawa, ndipo yamphongo imakhala ndi nyanga zamphandamphanda zimene zimathothoka chaka ndi chaka n'kumeranso, pamene nyanga za nyama za kwathu zimakhala za moyo wonse. Ndikuzitcha mbawala chifukwa ndilo dzina loyandikira. Ku Texas ziliko pafupifupi 5 miliyoni, ndipo zadzadza kwambiri m'dera lamapiri la Hill Country, kumadzulo kwa Austin, m'maboma ngati Llano ndi Mason. Za kumeneko n'zamatupi aang'ono, moti yaikazi yokhwima imangopambana pang'ono mbuzi yaikulu yonenepa bwino. Mfundo imeneyi ndi yofunika posankha mfuti, chifukwa amene akukasaka mbawala zazikulu za kumpoto, kumalire ndi Canada, sangatenge mawu anga onse monga momwe alili.

Ndinafika pa mfuti ya mpweya chifukwa cha malo amene ndinapatsidwa osakapo. Malo oposa magawo 90 pa 100 alionse a Texas ali ndi eni ake, choncho munthu sangangolowa m'tchire. Amasaka kumene wapatsidwa chilolezo kapena kumene walipira. Bambo ake a mnzanga wa kuntchito ali ndi kafamu kufupi ndi Llano, kozunguliridwa ndi nyumba za anthu mbali ziwiri, ndipo anandiuza mosapsatira mawu kuti pamalo pawo salola mfuti yawonga, koma uta kapena mfuti ya mpweya, popeza chipolopolo cha mfuti ya mpweya chimafooka msanga n'kugwa pansi chisanapite kutali ngati cha inzake. Boma la Texas linayamba kulola mfuti zimenezi pa nyama zikuluzikulu mu 2018, ndipo linaika malire omveka. Mfutiyo iyenera kukhala yodzazidwa mpweya pasadakhale, chipolopolo chisachepere .30 ya inchi kunenepa kwake, chilemere ma grain 150 (magalamu pafupifupi 10) kapena kuposa ndi kutuluka pa liwiro la mafiti 800 pa sekondi, apo ayi kulemera ndi liwirolo zikaphatikizidwa zifike pa mphamvu ya ma foot-pound 215. Malamulo ena onse a ulenje ndi omwewo: chiphaso chogula chaka ndi chaka, maphunziro a ulenje kwa aliyense wobadwa pa 2 Seputembala 1971 kapena pambuyo pake, kachikalata komangirira pa nyama ikangofa, ndi nyengo imene imatsegulidwa kumayambiriro kwa Novembala n'kutsekedwa mu Januwale. Dera lililonse la America lili ndi malamulo akeake pa nkhaniyi, ndipo ena salola n'komwe, choncho chinthu choyamba kuwerenga musanatulutse ndalama ndi buku la malamulo a ulenje a kumene mukukhala.

Mphamvu yotchedwa foot-pound ndiyo imene ogulitsa amaitchula kwambiri, ndiye ndi bwino kudziwa kawerengedwe kake kuti munthu asapusitsidwe. Mumatenga kulemera kwa chipolopolo m'ma grain, kuchulukitsa ndi liwiro lake m'mafiti pa sekondi, kuchulukitsanso ndi liwiro lomwelo, kenako kugawa ndi 450,240. Chipolopolo cha ma grain 350, omwe ndi magalamu pafupifupi 23, chikatuluka pa mafiti 800 pa sekondi chimapereka ma foot-pound pafupifupi 500. Nambala imeneyi imaoneka yaikulu poyerekeza ndi kamfuti ka njiwa, koma mfuti yawonga ya .30-30, imene alenje a kuno amaiona ngati yamphamvu yapakatikati chabe, imafika pa 1,900, pamene .30-06 imayandikira 2,900. Kunena zoona, mfuti ya mpweya yaikulu kwambiri ili m'gulu limodzi ndi gogodela wa makolo athu kapenanso uta. Imapha poboola dzenje lalikulu limene nyama imatayira magazi, osati poikutumula ndi mphamvu, ndipo amene sanamvetse zimenezi adzavulaza nyama zambiri kuposa zimene adzaphe.

Ndisanagule ndinayang'ana mfuti zinanso zinayi, ndipo ziwiri mwa izo ndinaziombako pabwalo loyeserera. Benjamin Bulldog ya .357 inandikopa poyamba chifukwa ndi yaifupi, imanyamula zipolopolo zisanu, ndiponso mtengo wake ndi wachifundo, koma ya mtundu woyamba kupangidwa imapereka ma foot-pound a m'ma 200, kutanthauza kuti imaima pamzere weniweni wa lamulo la Texas, ndipo sindinafune kuti nyama imene ndaiomba ikhale nkhani yokangana ndi woyang'anira za ulenje atanyamula kabuku. Seneca Dragon Claw ya .50, yopangidwa ku South Korea, ndi yokongola ndi matabwa ake, koma kunenepa kwa chipolopolo chake kumabisa kufooka kwake, chifukwa imathera cha m'ma 230. Hatsan PileDriver ya ku Turkey ili ndi mphamvu zoopsa, kuyambira 700 kupita m'tsogolo, koma kulemera kwake n'kwakuti munthu amayamba kuganiza zoinyamula pa wilibala. Imene inalimbana kwenikweni ndi Texan m'maganizo mwanga ndi Umarex Hammer ya .50, yopangidwa ku Fort Smith ku Arkansas, imene imapitirira ma foot-pound 700, imanyamula zipolopolo ziwiri, ndipo ili ndi kachipangizo koyeza mpweya kuti kuomba kulikonse kulandire muyezo wofanana. Ndinaisiya pa zifukwa ziwiri. Botolo lake limafuna kudzazidwa mpaka 4,500 psi (muyezo wa kupanikizika kwa mpweya), zimene zimavuta munthu akakhala kutchire, ndipo zipolopolo zake, zomwe ndi za .510, n'zamitundu yochepa pamsika poyerekeza ndi za .457, zimene zimapezeka zolemera mosiyanasiyana, ndiponso munthu akhoza kugula chikombole n'kumaumba yekha.

Texan imapangidwa ndi kampani ya AirForce Airguns m'dera la Fort Worth, ndipo inatuluka koyamba mu 2015. Munthu akaiona koyamba saikhulupirira kuti ndi mfuti ya ulenje, chifukwa ilibe thabwa ngakhale limodzi: ndi chimpope chakuda chachitali, chogwirira chapansi, ndi botolo la aluminiyamu kumbuyo. Botolo limenelo, lamalo okwana 490cc, ndilo limagwiranso ntchito ya thako la mfuti, moti tsaya la mlenje limatsamira pa mpweya wopanikizidwa kufika 3,000 psi, kuposa wa m'tayala la galimoto pafupifupi ka 90. Nzeru imeneyi si yalero. Mfuti ya mpweya ya Girardoni, imene asilikali a Austria anali nayo kuyambira cha m'ma 1780, ndiponso imene ofufuza malo Lewis ndi Clark anayenda nayo podutsa America kuyambira 1804 mpaka 1806, inasunganso mpweya m'thako mwake, ndipo chipolopolo chake chinali chonenepa pafupifupi mofanana ndi cha mfuti yangayi. Mpope wa Texan ndi wa kampani ya Lothar Walther ya ku Germany, wotalika masentimita 86, ndipo mfuti yonse imafika masentimita 122, kulemera kwake makilogalamu atatu ndi theka isanaikidwe galasi loyang'anira. Pa mfuti zamtunduwu imeneyi ndi yopepuka.

Kagwiritsidwe kake n'kosavuta. Mumakankhira kutsogolo chigwiriro cha kumbali yakumanja, khomo la mpope limatseguka, mumalowetsa chipolopolo chimodzi ndi chala n'kuchikanikiza mpaka chitakhazikika, kenako mumabweza chigwirirocho. Loko wachitetezo amadzitseka yekha nthawi iliyonse mukatero, ndipo kachitsulo kowombera n'kofewa bwino, sikafuna kulimbana nako. Palinso kagudumu kosinthira mphamvu imene nyundo ya m'kati imamenyera valavu, kamene muyenera kukagwirizanitsa ndi kulemera kwa chipolopolo chanu, chifukwa chipolopolo cholemera chimachedwa kutuluka mumpope ndipo chimafuna mpweya wochuluka kumbuyo kwake. Kagudumu kameneka ndinakhala nako masabata atatu ndisanakapezere malo ake. Chimene ndimayamikira pa kapangidwe konseka n'chakuti palibe zambiri zoti ziwonongeke, ndipo zitsulo zake zonse munthu amaziona ndi maso.

Koma kuphweka kumeneku kuli ndi mtengo wake, ndipo wogula ayenera kuudziwa. Mfutiyi imanyamula chipolopolo chimodzi basi, choncho nyama ikavulala n'kuima, mumafunika masekondi angapo, ndi zala zozizira, kuti mulowetse china. Ilibe kachipangizo koyeza mpweya, kotero kuomba kulikonse kumatsitsa mphamvu ya m'botolo, ndipo chipolopolo chotsatira chimatuluka mosiyana pang'ono ndi choyamba. Pa mfuti yanga, ndi zipolopolo za ma grain 350, zitatu zoyambirira zimagwera pamalo amene ndikhoza kuwaphimba ndi chikhatho pa mtunda wa mamita 45, chachinayi chimatsika moonekeratu, ndipo chachisanu sindingachiloze pa chamoyo chilichonse. Galasi loyang'anira limakhala pamwamba kwambiri chifukwa cha kunenepa kwa botolo, zimene zimafuna kuzolowera kaikidwe ka mutu, ndiponso zimapangitsa kuti kupendeketsa mfuti pang'ono chabe kukankhire chipolopolo kumbali. M'mawa wa Disembala aluminiyamu uja amazizira ngati mwala wa kumtsinje, mwakuti ndinachita kuuveka chikwama chansalu yokhuthala. Ponena za phokoso, mawu akuti mfuti ya mpweya amanamiza anthu ambiri. Texan wamba imalira mwamphamvu zedi, yofunika zotsekera m'makutu, makamaka mukaombera m'kanyumba kobisalamo kamene kamabweza phokoso lonse kwa inu. Kampaniyi imapanganso mitundu ya SS ndi LSS yokhala ndi chikuto chochepetsa phokoso, komanso ina yokhala ndi botolo la carbon fiber lofika 3,600 psi ndi valavu yaikulu, imene imapereka mphamvu zochuluka kuposa yangayi.

Nkhani imene ogulitsa saifotokoza mokwanira ndi ya mpweya weniweniwo. Walira mvula walira matope. Mfutiyi inandidyera madola oposa 1,000, koma pofika tsiku limene ndinaomba mbawala yoyamba ndinali nditawononga pafupifupi ndalama zina zangati zomwezo pa galasi, zipolopolo ndi zodzazira mpweya. Ndinayamba ndi pampu yamanja, yooneka ngati ya njinga koma yolimba, poganiza kuti munthu amene anakula akupopa matayala a njinga ya kabaza sangagonje. Kubwezera mpweya wa kuomba kanayi kokha ndinawerenga kupopa mpaka kupitirira 100, ndinasiya kuwerenga, thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera moti sindikanathanso kulunjika bwino. Pampu imathandiza pangozi, koma siyokwanira kwa munthu amene akufuna kuyeserera mokwanira, ndipo mfuti iyi popanda kuyeserera ilibe ntchito. Ndinagula kompulesa yotsika mtengo pa intaneti, ya mtundu uja woziziritsa ndi madzi a m'ndowa, imene inagwira ntchito miyezi inayi n'kuyamba kutulutsa utsi ndi kununkha mafuta opserera, ndipo wogulitsayo sanayankhenso makalata anga. Tsopano ndili ndi botolo lalikulu la carbon fiber la 4,500 psi, longa la ozimitsa moto, limene ndimakadzazitsa kusitolo ya anthu osambira pansi pa madzi, ndipo limadzaza mfuti kangapo ndisanabwererenso. Mabotolo otere amayenera kukayezedwa zaka zisanu zilizonse ndipo ambiri amatha ntchito pakapita zaka 15, choncho wogula lakale ayang'ane deti lolembedwa pambali. Mpweya uyenera kukhala wouma, popeza chinyezi chimadya botolo ndi valavu m'kati mosaoneka, ndipo munthu asayerekeze n'komwe kudzaza ndi oxygen ya kuchipatala kapena yowotcherera zitsulo, chifukwa ikakumana ndi mafuta pa mphamvu yotere imaphulika.

Zipolopolo nazo zimafuna kudekha. Mpope uliwonse uli ndi chimene umakonda, ndipo kusiyana kwa .457 ndi .458, kumene maso sangakuone, kumatha kusandutsa mfuti yolunjika bwino kukhala yomwaza. Ndinayesa mitundu isanu ndisanakhazikike pa cha mtovu wofewa chokhala ndi dzenje kunsonga. Mtovu wolimba, wosakaniza ndi zitsulo zina, umene umachita bwino m'mfuti zawonga, pa liwiro lochepali suphwanyika n'kufutukuka, ndipo umadutsa m'nyama ngati msomali. Wofewa umafutukuka n'kukulitsa bala. Ena amakonda zipolopolo zopepuka chifukwa zimathamanga ndipo sizitsika msanga, koma mphepo imazikankha mosavuta ndipo zikagunda fupa la phewa zimatha kuimira pomwepo. Posenda nyama ndimadula ndi kutaya mnofu wonse wozungulira bala, popeza tizidutswa ta mtovu si tofunika mumphika wa ana.

Mbawala yoyamba ndinaiomba sabata yachiwiri ya Novembala. Kusaka kwa kuno n'kosiyana kwambiri ndi uzimba wa kwathu wa agalu, zibonga ndi kufuula. Munthu amalowa m'kanyumba kobisalamo kudakali mdima n'kukhala chete, akuyang'ana chimgolo choimikidwa pa miyendo itatu chimene chimamwaza chimanga pa nthawi yotchereredwa. Ndivomereze kuti mpaka lero mtima umandipweteka ndikamva chimanga chikuwazidwa pansi kuti nyama zakutchire zidye, ngakhale kuti n'chachikasu chija chimene ena a ife tinachidziwira pa chilala cha 1992. Lamulo limalola kuomba kuyambira mphindi 30 dzuwa lisanatuluke. Kutangoyera, zazikazi zitatu zinatuluka m'zitsamba za mkungudza, zikuyenda n'kumaima, makutu ali petupetu. Ndinasankha yaikulu imene inalibe mwana, ndipo ndinadikira mpaka itatembenuka n'kundipatsa nthiti zonse, mwendo wakutsogolo utaponda patsogolo. Mtunda unali mamita 42. Ndinaloza kumbuyo kwenikweni kwa phewa, pang'ono kunsi kwa pakati pa thupi. Mfuti italira ndinamvanso kaphokoso kena, ka chipolopolo chikugunda, kakuti phu, chinthu chimene mfuti yawonga sikupatsa mpata woti uchimve bwino pa mtunda waufupi chotero. Nyamayo inadumpha, inakankha miyendo yakumbuyo m'mwamba, n'kulowa m'zitsamba mchira uli pansi. Ndinakhala theka la ola ndisanatsike, monga anandilangizira bambo aja, chifukwa nyama yovulala ikathamangitsidwa msanga imapita kutali. Magazi anali ofiira mowala ndi a thovu, chizindikiro cha mapapo, ndipo anali mbali zonse ziwiri za njira. Ndinaipeza itagona patangodutsa mamita ngati 40. Chipolopolo chinali chitaboola mapapo onse awiri n'kutulukira mbali inayo, ndipo nyama yowonongeka inali yochepa kwambiri, yosafanana ndi phewa lonse lophwanyika limene ndinaliona pa mbawala zoombedwa ndi mfuti zothamanga kwambiri.

Yachiwiri, nyengo yomweyo, inayenda chimodzimodzi pa mamita 35, ndipo palibe chowonjezera.

Imene inandiphunzitsa ndi yachitatu, m'nyengo yotsatira, ndipo cholakwa chinali changa ndekha. Ndinadzaza mfuti madzulo kukutentha, geji ili pa 3,000 ndendende, n'kuisiya m'galimoto usiku wonse. Kunacha ndi chisanu choyera pa udzu. Mpweya ukazizira mphamvu yake imatsika, ndipo kuchoka pa madigiri 27 kufika pa 2 kumachotsa pafupifupi 250 psi m'botolo popanda kudontha kulikonse. Ndinaiona geji ndi tochi, ndinadziwa, koma botolo lalikulu ndinali nditalisiya kunyumba yogona, ndipo ulesi unandiuza kuti palibe kanthu. Cha m'ma 7 koloko yamphongo yanyanga zokongola inatulukira, koma sinafike pa chimanga. Inaima kuseri, m'mphepete mwa miyala, ikununkhiza mphepo. Ndinayerekeza ndi maso kuti ili pa mamita 60. Nditayeza pambuyo pake ndi mapazi ndinapeza kuti inali pafupifupi 85. Kwa mfuti yawonga kulakwitsa kotere n'kochepa, koma kwa chipolopolo choyenda mamita 244 pa sekondi ndi nkhani ina. Mfuti imene yatcheredwa kuti igunde pakati pa mamita 45 imatsika masentimita asanu okha pa mamita 60, koma pa mamita 80 yatsika kale pafupifupi 18, ndipo pa 90 imafika 30, pamene malo a mtima ndi mapapo a mbawala ya ku Hill Country ndi aakulu ngati mbale ya ndiwo basi. Chipolopolo changa chinadutsa kunsi kwa chifuwa, n'kumeta ubweya woyera umene ndinaupeza utamwazika pa mwala. Ine ndi mnzanga tinatha maola awiri tikuzungulira mowerama kufunafuna dontho la magazi, kuti titsimikize kuti sitikusiya nyama yovulala m'tchire, ndipo sitinapeze kanthu. Bambo ake atamva anangondifunsa funso limodzi, loti ndinayeza mtunda ndi chiyani, ndipo nditayankha kuti ndi maso sanawonjezere mawu.

Palinso chinthu china chimene chimachepetsa mtunda woyenera wa mfutizi, ngakhale mlenje atawerengera bwino kutsika kwa chipolopolo. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, kutanthauza kuti limafika kwa nyama chipolopolo chisanafike. Pa mamita 40 kusiyanako n'kochepa moti mbawala siingachitepo kanthu, koma pa mamita 90 imamva kulira kwa mfuti kachigawo ka sekondi chipolopolo chikadali m'njira, ndipo mbawala yochenjera imafwamphuka kapena kunyuta m'kanthawi kameneko, bala n'kukhala m'mimba kapena kumsana. Alenje a uta amalidziwa bwino vuto limeneli. N'chifukwa chake sindikopekanso ndi manambala a 700 kapena 800 amene amalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa makatoni. Manambalawo amapezeka kwenikweni ndi zipolopolo zolemera kwambiri, zoyenda pa liwiro lomwelo kapena lochepera, choncho amawonjezera kuboola koma sawonjezera mtunda. Kwa amene akusaka nguluwe zazikulu zakutchire, zimene zadzadzanso ku Texas ndipo zili ndi chikopa chokhuthala pamapewa, mphamvu yowonjezerayo ili ndi phindu. Pa mbawala ya ku Llano, ma foot-pound 500 amalowa mbali ina n'kutulukira inayo, ndipo otsalawo amakathera m'dothi.

Pa zimene ndaona, ndingailimbikitse Texan ya .457 kwa munthu amene amasaka pamalo aang'ono, kuchokera m'kanyumba kapena pansanja, amene ali wokonzeka kugula botolo lalikulu kapena kompulesa yodalirika pa tsiku lomwelo logula mfuti, ndiponso amene amasangalala ndi ntchito yoyesa zipolopolo ndi kulemba m'kabuku mmene chilichonse chikugwera. Ya .357 ya kampani yomweyo imakwaniritsa lamulo la Texas ndipo imasunga mpweya, koma bala lake n'laling'ono, ndipo pa mfuti imene imadalira kutaya magazi ndimakonda dzenje lalikulu. Amene akungofuna nyama ya m'firiji mwachangu ndi motsika mtengo, ndipo malo ake amalola mfuti yawonga, agule .30-30 yakale, adzawononga ndalama zochepa ndipo adzaomba molimba mtima pa mtunda wowirikiza. Abale amene ali ku Britain asavutike n'kuitanitsa, chifukwa kumeneko mfuti ya mpweya yopitirira ma foot-pound 12 imafuna chiphaso cha mfuti kuchokera kupolisi, ndipo lamulo la Deer Act la 1991 limaletseratu kuombera mbawala mfuti ya mpweya ku England ndi Wales. Amene akuganiza zoitumiza kumudzi akumbukire kuti nyama zakutchire ku Malawi zili m'manja mwa boma, ndipo lamulo lozitchinjiriza linakhwimitsidwa mu 2017 ndi zilango zaukali.

Ndikanati ndigule lero, mwina ndikanatenga ya LSS chifukwa cha makutu anga ndi anthu oyandikana ndi famuyo, ngakhale kuti kutalika kwake kukanandivuta potembenuka m'kanyumba kopanikiza kaja, mmene yangayi imagunda kale khoma ndikamaitulutsa pazenera. Pakali pano ndakhala ndi yomweyi, ndipo ndalama ndinaziika pa kachipangizo koyezera mtunda ndi kabotolo kakang'ono kowonjezera mpweya kamene kamalowa m'chikwama. Ndinatenganso miyala itatu ya pafamupo, ndinaipaka penti yoyera, n'kuiika pa mamita 30, 45 ndi 60 kuchokera pazenera la kanyumbako. Sabata yomaliza ya nyengo yapitayi yamphongo ina, mwina yomwe ija, inaima mapazi khumi kuseri kwa mwala wachitatu kwa mphindi zingapo, ikundipatsa nthiti zonse, kenako inatembenuka n'kulowa m'mikungudza, loko wa mfuti ndisanamukhudze.